Kumanga apu yolumikiza ophunzira pa yunivesite: chitseko, kaundula ndi anthu oyamba kulowa

Sabata yoyamba ya semesita, mukaima pa depoti ya mabasi ku Zomba mudzamuona. Watsika minibasi ndi chikwama chachikulu, ndowa, ndi matiresi yokulunga yomanga ndi chingwe, akungoyang'ana uku ndi uku. Dzina lake linatuluka pa mndandanda wa NCHE, bungwe losankha ophunzira opita kumayunivesite a boma, kwawo nthungululu zinalira, koma lero sakudziwa kogona. Malo m'mahositelo a pasukulu sakwanira onse, ndiye amuuza kuti akafune chipinda ku Chikanda, ndipo lendi yake sangaikwanitse yekha. Akusowa mesho, mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Chapafupi pomwepo paima mnzake wa vuto lomwelo, wosankhidwira maphunziro omwewo, mwinanso wochokera boma limodzi. Awiriwa sadziwana, ndipo akhoza kutha masabata atatu asanalankhulane.

Ntchito yonse ya apu yolumikiza ophunzira yagona pamenepo: masabata atatu aja asanduke madzulo amodzi. Ophunzira za makompyuta akamasankha pulojekiti ya chaka chomaliza amakonda kuiganizira apu yotereyi, ndipo funso lawo loyamba limakhala lakuti, "Ndilembe mu React kapena mu Laravel?" Ine ndimati funso limenelo, la zipangizo zolembera apu, liyambe ladikira. Khodi ya apu yotere munthu wakhama akhoza kuilemba m'miyezi yowerengeka. Chimene chimaipatsa moyo kapena kuipha ndi zina: ndani akuloledwa kulowa, mukusunga chiyani chokhudza iye, ndipo akalowa akupezamo ndani.

Wina anena kuti, "Nanga si magulupu a WhatsApp alipo kale?" Alipodi, ndipo ndi amphamvu. Kalasi ili ndi gulupu yake, kwaya ili ndi yake, anthu ochokera dera limodzi ali ndi yawo. Koma kuti ulowe m'gulupu pamafunika munthu wokudziwa kale akuikemo kapena akutumizire linki, ndipo mwana wathu wa pa depoti uja alibe munthu woteroyo. Akalowa, nambala yake ya foni ili poyera kwa aliyense m'gulupumo, momwe mukhoza kukhala anthu mpaka 1,024. Atsikana amadziwa bwino mauthenga amene amatsatira usiku. Komanso uthenga wa m'gulupu uli ngati tsamba logwera mumtsinje. Ukalemba m'mawa kuti ukufuna mesho, pofika masana wapita kale, wakwiririka ndi zithunzi, mapemphero ndi malonda a nsapato. WhatsApp imakusungira anthu amene uli nawo kale. Kukupezera munthu amene sunamumvepo koma ukumusowa, imeneyo si ntchito yake. Mpata wa apu yanu ndi umenewo, ndipo ndi wopapatiza.

Zimene zinachitika ku Harvard

Pa 4 February 2004, Mark Zuckerberg, ali m'chaka chachiwiri pa Harvard ku America, anatsegula webusayiti yotchedwa TheFacebook, mothandizana ndi anzake Eduardo Saverin, Andrew McCollum, Dustin Moskovitz ndi Chris Hughes. Sanali oyamba pantchito yolumikiza anthu pa intaneti. Friendster ndi MySpace zinalipo kale, zodzaza ndi anthu. Zipangizo zake sizinalinso zachilendo: anailemba m'chilankhulo cha makompyuta cha PHP, zinthu n'kumasunga mu pulogalamu ya MySQL, zomwe wophunzira aliyense wa masiku ano akhoza kuika pa laputopu yake mwaulere.

Kusiyana kunali pachitseko. Kuti ulowe unkafunika imelo yothera ndi harvard.edu. Pasanathe mwezi, oposa theka la ophunzira a digiri yoyamba pasukulupo anali atalembetsa. Mu March anatsegulira Stanford, Columbia ndi Yale, kenako sukulu zina pang'onopang'ono, ndipo wophunzira ankaona makamaka anthu a pasukulu pake. Chitseko chinatsegukira munthu wamba aliyense wa zaka 13 kupita m'tsogolo mu September 2006, patatha zaka ziwiri ndi theka.

Chitseko chopapatizacho chinachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Anthu ankalemba maina awo enieni ndi kuika nkhope zawo zenizeni, chifukwa wonama akanagwidwa tsiku lomwelo patebulo la chakudya. Ndipo aliyense wolowa ankapezamo nkhope zoti amakumana nazo m'makonde, osati alendo a kutsidya kwa dziko. Chinanso chimene ambiri amaiwala n'chakuti asanapange zimenezi Zuckerberg anali atalemba kapulogalamu kotchedwa CourseMatch, kongoonetsa amene akutenga kosi iti. Funso lakuti "ndani wina ali m'kalasi mwanga" ndi laling'ono, koma ophunzira amalifunsa semesita iliyonse.

Tsono chitseko chotere mungachimange bwanji kuno? Ngati sukulu imapatsa ophunzira ake imelo, njira ndi yolunjika. Munthu amalemba imelo yake, seva, yomwe ndi kompyuta yoyendetsa apu, imayang'ana ngati ikuthera ndi dzina la sukulu, kenako imapanga chizindikiro chachitali cha zilembo ndi manambala osakanizika choti wina sangachilote, n'kuchitumiza ku imeloyo ngati linki. Akadina linkiyo, mwadziwa kuti bokosi la makalatalo ndi lake. Chizindikirocho chizigwira ntchito kamodzi kokha, ndipo chizifa pakapita ola limodzi kapena awiri. Kumbukirani kuti kuchokera mu 2021, pamene University of Malawi yakale inagawidwa, UNIMA ya ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ndi sukulu zitatu zoima pazokha, kuwonjezera pa LUANAR, Mzuni, MUST ndi zina zomwe si za boma. Musalembe dzina la sukulu imodzi mkati mwa khodi ngati msomali. Mndandanda wa sukulu ukhale mu database, nkhokwe yosungira zinthu za apu, kuti tsiku lowonjezera ina musadzagumule khoma.

Vuto lili apa: munthu amene akuisowa kwambiri apu yanu, yaro (wophunzira wa chaka choyamba) wa sabata yoyamba, akhoza kukhala asanalandire imelo ya sukulu. Mukamutsekera kunja, mwatsekera mwini nkhani. Ena amathamangira kupempha chithunzi cha chiphaso kapena kalata yoitanidwira kusukulu. Njira imeneyi ndimaiopa, chifukwa pakutha kwa mwezi mumakhala mutaunjika mulu wa ziphaso za anthu pa seva yoti simungathe kuilondera. Ngati palibe kuchitira mwina, munthu ayang'ane chithunzicho, avomereze, chifufutidwe nthawi yomweyo. Njira yabwinopo ndi kukhala ndi khonde ndi chipinda. Wosatsimikizika aime pakhonde: aone zidziwitso, awerenge mayankho a mafunso a ongofika kumene, koma asaone nkhope za anthu kapena kulembera aliyense. Kulowa m'chipinda kudzere mwa makalasi repu kapena atsogoleri a bungwe la ophunzira, amene mungawapatse manambala olowera owerengeka, nambala iliyonse ya munthu mmodzi, ndipo seva izikumbukira kuti uyu analowetsedwa ndi ndani. Munthu akadziwa kuti dzina lake lamangiriridwa kwa amene wamulowetsa, sagawa manambala mwachisawawa.

Za mapasiwedi ndinene mwachidule koma motsindika. Musasunge pasiwedi mmene munthu wailembera. Anthu ambiri amagwiritsa ntchito imodzi yomweyo pa imelo, pa Facebook ndi kwina, choncho database yanu ikabedwa mwawavula kwina konseko. Pasiwedi imayenera kudutsa m'chigayo cha masamu, monga bcrypt, yomwe inatuluka mu 1999, kapena Argon2. Chotuluka ndi ufa: sungabwererenso kukhala chimanga, koma chimanga chomwecho chikagayidwanso mofanana chimatulutsa ufa womwewo. Munthu akamalowa, seva imagaya zimene walemba n'kufananiza ndi ufa wosungidwa. Laravel ndi Django zimabwera ndi chigayo chake kale. Musapange chanu.

Windo, kalaliki ndi kabati

Apu ya pa intaneti ili ndi magawo atatu, ndipo aliyense amene anaimapo pamzere pa ofesi yolembetsera ophunzira amawadziwa. Pali windo pomwe umaperekera pempho lako. Limenelo ndi tsamba looneka pafoni, lopangidwa ndi HTML, CSS ndi JavaScript. Kuseri kwa windo kuli kalaliki, amene amamva pempho, kuona ngati uli woyenera, n'kupita kukatenga fayilo. Ameneyo ndi seva. Ndipo kumbuyo kwake kuli kabati ya mafayilo, yomwe ndi database, kaya PostgreSQL kapena MySQL.

Lamulo lalikulu n'lakuti windo siliteteza kanthu. Chilichonse chimene chili pafoni ya munthu, munthuyo akhoza kuchisintha. Mlonda ndi kalaliki yekha. Ndinaonapo apu ina yolembedwa ndi ophunzira, yooneka bwino zedi, momwe adiresi ya tsamba la munthu inkathera ndi nambala, tinene 214. Olemba ake anabisa batani lopitira kumasamba a anthu ena, n'kukhulupirira kuti atseka. Mnyamata wina anangopita pamwamba pa adiresi, kufufuta 214, kulemba 215, ndipo panatuluka dzina la mtsikana wina, nambala yake ya foni, hositelo ndi chipinda chake. Analemba 216, zinatulukanso. Kalaliki ankapereka fayilo iliyonse yopemphedwa osafunsa kuti wopemphayo ndani. Pempho lililonse likafika, seva ifunse mafunso awiri: uyu ndani, ndipo ali ndi ufulu woona chimene akupemphachi? Izifunsa choncho nthawi zonse, ngakhale pa kachithunzi kakang'ono.

Chofanana nacho ndi kulola mawu amene munthu walemba m'bokosi losakira kuti alowe mwachindunji mu lamulo lopita ku database. Wochenjera amalembamo lamulo lake m'malo mwa dzina, database n'kumumvera. Ichi ndicho amati SQL injection, ndipo mankhwala ake alipo kale m'zipangizo zonse zamakono, bola kuwagwiritsa ntchito. Za HTTPS, njira yobisa uthenga woyenda pakati pa foni ndi seva, palibenso chowiringula, popeza bungwe la Let's Encrypt lakhala likupereka ziphaso zake mwaulere kuchokera mu 2015.

M'kabatimo muikamo chiyani? Tebulo la ophunzira, tebulo la makosi, ndi tebulo lachitatu lomangiriza ziwirizo, momwe mzere uliwonse umangonena kuti wophunzira uyu akutenga kosi iyi semesita ino. Tebulo lachitatuli ndilo mtima wa apu, chifukwa funso lakuti "ndani wina akutenga kosi yanga" limayankhidwa pamenepo. Ndipo makosi asankhidwe pamndandanda, asalembedwe pamanja. Mukasiya bokosi lopanda kanthu, wina alemba "Comp Sci", wina "CS", wina dzina lonse ndi chilembo chimodzi cholakwika, ndipo kompyuta iona makalasi atatu osiyana pomwe anthuwo amakhala benchi imodzi. Kukopera mndandanda wa makosi onse a sukulu ndi ntchito yotopetsa ya masiku angapo. Ichiteni.

Pa fomu yolembetsera, funso lililonse lidutse pa sefa iyi: ndikalifunsa, lithandiza kupezera munthuyu mnzake? Dzina, chaka, maphunziro ndi makosi zikudutsa. Tsiku lobadwa, mpingo, mtundu, nambala ya chipinda, ngati akulandira ngongole ya boma kapena ayi, zonsezi sizikudutsa. Chimene simunasunge sichingabedwe. Pali ndi mbali ya malamulo: Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act la 2024, lomwe oyang'anira ake ndi MACRA, ndipo kukhala wophunzira wongoyeserera sikusintha mfundo yakuti mwasunga zinthu za anthu enieni. Auzeni momveka, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, zimene mukusunga ndi chifukwa chake, ndipo batani lofufutira akaunti lizifufutadi.

Kupezera munthu mnzake

Apa ndi pomwe ambiri amafuna kuonetsa luso, n'kuyamba kutchula za AI. Taonani kaye masamu ake. Pasukulu ya ophunzira 5,000, kuwaika awiriawiri m'njira zonse zotheka kumatulutsa mapeya 12,497,500. Seva yotchipa singawerengere zonsezo nthawi iliyonse munthu akatsegula foni, ndipo sikofunika. Sefani kaye: otenga naye kosi imodzi kapena kuposerapo, kapena ofuna chinthu chomwe iye akufuna. Otsalawo ndi ochepa, ndipo pa iwo kuwerengera n'kosavuta.

Njira yakale yoyezera kufanana inachokera kwa Paul Jaccard, katswiri wa zomera wa ku Switzerland, amene ankafananiza mitundu ya zomera za m'madera osiyana chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mumatenga zimene awiri ali nazo onse, n'kugawa ndi zonse zimene ali nazo mukaziphatikiza. Wina ali ndi makosi 6, mnzake 6, ndipo 4 ndi ofanana. Makosi onse osabwereza ndi 8, ndiye kufanana kwawo ndi 4 kugawa ndi 8, theka. Ndi mizere yochepa ya khodi.

Koma makosi salemera mofanana. Kosi imene mayaro onse amakakamizidwa kutenga siikuuzani kanthu za anthu awiri, monganso kukwera basi imodzi sikupanga ubale. Kosi yochita kusankha, yokhala ndi anthu 12 okha, imanena zambiri. Choncho chinthu chikakhala chosowa, chipatseni mphamvu yochulukirapo powerengera. N'chimodzimodzi ndi zokonda: "nyimbo" aliyense alemba, koma awiri olemba kuti amasewera chess kapena amaweta njuchi kwawo ali ndi poyambira kucheza.

Komabe ndili ndi nkhawa ndi apu yongofuna anthu ofanana. Ikachita bwino kwambiri, idzabwezera aliyense kwa anthu a kwawo, a sekondale imodzi, a chilankhulo chimodzi, ndipo yunivesite ndi amodzi mwa malo ochepa pomwe mwana wa ku Chitipa amagona chipinda chimodzi ndi wa ku Nsanje. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Mark Granovetter anaonetsa mu 1973 kuti nkhani za mwayi wa ntchito anthu amazimva kwambiri kwa ongodziwana nawo patali kusiyana ndi kwa anzawo apamtima, chifukwa apamtimawo amadziwa zomwe iwe ukudziwa kale. Pasukulu zimaoneka poyera. Yaro amene masamu amuvuta sapindula kwenikweni ndi yaro mnzake wovutika chimodzimodzi. Akusowa wa chaka chachitatu amene analembapo sapu (mayeso obwereza) ya kosi yomweyo n'kukhoza, amene akudziwa mitu imene imagwetsa anthu ndipo ali ndi mapepala a mayeso akale. Pa masamu a Jaccard awiriwa safanana n'komwe.

Ndiye chifukwa chake ndimakhulupirira kuti apu imangidwe pa zosowa, osati pa nkhope. Munthu alembe kuti, "Ndikufuna woti tizikambirana Organic Chemistry Lachitatu madzulo," kapena "Chipinda chilipo, tikusowa wachitatu," kapena "Ndikhoza kuthandiza Calculus." Pempho likhale ndi tsiku lothera, lizichoka lokha. Winayo ayankhe pempho, osati chithunzi. Ndipo kucheza kwa awiri kuzitseguka pokhapokha onse avomera.

Mbali yoopsa

Miyezi ingapo TheFacebook isanabadwe, mu October 2003, Zuckerberg yemweyo anapanga Facemash. Anatenga zithunzi za ophunzira m'makompyuta a nyumba zogona za pasukulu popanda chilolezo, n'kumaziika ziwiriziwiri kuti anthu azisankha wooneka bwino. Inatsekedwa m'masiku ochepa, ndipo iye anaitanidwa kubwalo la chilango la sukulu. Zaka khumi pambuyo pake, mu 2013, Tyler Droll ndi Brooks Buffington, omwe anaphunzira pa Furman University, anatulutsa Yik Yak. Aliyense ankalemba popanda dzina, ndipo zolembazo zinkaoneka kwa anthu a pamtunda wa makilomita pafupifupi 8. Inafala m'mayunivesite a ku America ngati moto wa m'chilimwe. Kenako panabuka kunyozana, kutchula anthu maina, ndi ziopsezo. Mu November 2015 mnyamata wina anamangidwa atalembapo zoopseza kuwombera anthu akuda pa University of Missouri. Sukulu zina zinaitseka pa netiweki yawo, ndipo mu 2017 kampaniyo inatseka, ngakhale dzinalo linadzabweranso mu 2021 m'manja mwa ena.

Nkhani ziwirizi zimandiuza kuti pasukulu pamakhala poopsa kuposa pa intaneti wamba, chifukwa ndi pafupi. Wokunyoza pa intaneti ya dziko lonse ali kutali. Wokunyoza pa apu ya pasukulu mwina wakhala kumbuyo kwako m'kalasi, ndipo akudziwa njira imene umadutsa pochokera ku laibulale usiku. Choncho musalole kulemba popanda dzina, ngakhale anzanu akuuzeni kuti n'zimene zingakope anthu. Zingakopedi, kwa semesita imodzi. Musaonetse pomwe munthu ali pa mapu. Nambala ya foni ibisike mpaka mwini wake ataipereka yekha. Munthu watsopano akhale ndi malire a mapempho amene angatumize patsiku, kuti mnyamata mmodzi asalembere atsikana onse a chaka choyamba usiku umodzi. Batani lotsekera munthu ligwire ntchito pompopompo, ndipo wotsekeredwayo asauzidwe.

Batani lodandaulira ndi losavuta kulemba. Funso lovuta n'lakuti dandaulo likabwera 11 koloko usiku, sabata ya mayeso, awerenga ndani? Ngati yankho ndi "ine ndekha, ndikapeza mpata", apu sinakonzeke kutsegulidwa. Pezani anthu angapo odalirika, atsikana akhalepo, mugwirizane zoyenera kuchita ndi nkhani zoyenera kupita kwa oyang'anira za ophunzira kapena kupolisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kulondalonda munthu kudzera pa intaneti, ndipo ndi bwino kuti olowa adziwe zimenezo kuyambira tsiku loyamba. Odandaulidwa nawonso amvedwe. Ndipo oyang'anirawo asakhale ndi mphamvu yowerenga macheza a anthu mmene afunira, koma okhawo amene wodandaula wawatumizira.

Bandulo, magetsi ndi madola

Pali chifukwa chomveka chopangira apu yotsegukira mu browser m'malo mwa yochita kutsitsa pa Play Store. Foni ya wophunzira nthawi zambiri imakhala yodzaza, ndipo kuti aikemo chatsopano ayenera kufufuta china. Linki amangodina. Imagwira pa Android, pa iPhone ndi pa kompyuta ya mu labu, ndipo mukakonza cholakwika aliyense amachilandira nthawi yomweyo. Mukaipanga ngati PWA, kutanthauza webusayiti yogwira ntchito ngati apu, munthu akhoza kuiika pankhope pa foni ngati apu ina iliyonse, ndipo kachigawo kotchedwa service worker kamasunga masamba ena kuti azitseguka ngakhale netiweki itathawa.

Kulemera kwa tsamba ndi ndalama ya munthu. Chithunzi chojambulidwa pafoni chikhoza kulemera 3 MB. Tsamba loonetsa nkhope 50 zoterezi ladya 150 MB, ndipo mwanayo sadzabweranso. Zithunzi zomwezo zikachepetsedwa pa seva kufika 20 KB chilichonse, tsamba lonse ndi 1 MB yokha. Yesani apu yanu pa foni yotchipa, yakale, pamalo pomwe netiweki imavuta, osati pa laputopu yanu pa Wi-Fi ya sukulu.

Palinso chinthu china chimene mabuku ophunzitsa khodi ochokera kunja sangakuuzeni. Ophunzira ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya masamba a mchezo yokha, ya Airtel kapena TNM, ndipo bandulo yotero sitsegula webusayiti yanu. Ndiye kuti ambiri azilowa ali pa Wi-Fi ya sukulu, kamodzi kapena kawiri patsiku. Ichi chikusintha kamangidwe konse. Musataye miyezi kumanga macheza a pompopompo opikisana ndi WhatsApp, chifukwa simungapambane. Apu yanu ikhale ngati bolodi la zidziwitso lanzeru: munthu abwere, apeze yankho likumudikira, awiriwo agwirizane, kenako apatsane manambala akapitirize kwina. Anthu akachoka pa apu yanu kupita ku WhatsApp atapezana, ntchito yagwirika.

Seva isakhale laputopu ya m'hositelo, chifukwa magetsi akathima apu yathimanso. Kubwereka seva kunja n'kotchipa poyamba, koma kumalipiridwa m'madola, ndipo aliyense akudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kuno. Onani ngati mungalandire GitHub Student Developer Pack, yomwe imapatsa ophunzira zipangizo zina mwaulere, kapena kambiranani ndi dipatimenti ya makompyuta ngati ingakupatseni malo. Mukatenga malo a sukulu, mugwirizane polemba kuti ndani ali ndi ufulu woona database.

Chipinda chopanda anthu

Tinene kuti zonse zatheka. Mwatumiza linki m'magulupu onse, anthu adina. Woyamba walowa, wapeza mulibe aliyense, watuluka. Wachiwiri chimodzimodzi. Pakutha kwa sabata muli maina mazana angapo koma palibe awiri amene anakumanamo. Mapulojekiti ambiri amafera apa, khodi ili bwinobwino.

Anthu 300 omwazikana m'sukulu zisanu ndi chimodzi ndi chipululu. Anthu 60 a kalasi imodzi ndi mudzi. Yambani ndi kalasi imodzi, makamaka ya kosi yovuta yomwe anthu amaiopa. Lankhulani ndi kalasi repu, pemphani mphindi zisanu mphunzitsi asanalowe, onse alembetse nthawi imodzi mafoni ali m'manja. Tsikulo lisanafike, mukhale mutapeza kale a chaka chachitatu ndi chachinayi angapo amene alemba kuti ndi okonzeka kuthandiza, kuti wolowa apeze moto uli woyaka. Musaikemo anthu abodza ofuna kudzaza malo. Pasukulu anthu amadziwana, ndipo akazindikira dzina limodzi lopeka sakhulupiriranso ena onse.

Nthawi yotsegulira nayo ndi yofunika. Njala yofuna anzako imakula masiku oyamba a chaka ndi masabata oyandikira mayeso. Pakati pa semesita aliyense wakhazikika kale ndi gulu lake. Ndipo poyeza ngati zikuyenda, musawerenge olembetsa. Werengani mapempho amene ayankhidwa, ndi maola amene apita asanayankhidwe. Pakapita masiku angapo, apu ifunse funso limodzi lokha: "Munakumana?"

Chomaliza chimene omanga amaiwala n'chakuti mudzi umenewu umasamuka. Chaka chilichonse gulu limodzi limavala magauni n'kupita, lina n'kufika, ndipo tsiku lina wopitayo ndi inu. Ganizirani lero za akaunti za omaliza maphunziro: kodi munthu amene anachoka zaka zitatu zapitazo azithabe kulembera mayaro? Ine ndingati ayi, pokhapokha pa khomo lapadera la uphungu wa ntchito, lomwe wophunzira amagogoda yekha. Imelo ya sukulu itsimikizidwenso chaka chilichonse, ndipo amene sanatsimikize abwerere pakhonde. Pofika chaka chanu chachitatu mukhale mutapeza wa chaka choyamba kapena chachiwiri woti muzilemba naye khodi. Mulembereni pepala lofotokoza komwe seva ili, mmene database imakoperedwera usiku uliwonse, amene amasunga makiyi, ndi tsiku limene dzina la webusayiti limatha ngati silinalipiridwe. Tsiku limenelo liikidwe pa kalendala ya anthu osachepera awiri.